Tileke Kukhala pa Lendi M'nyimbo Zathu

Pali mau amene afala pakati pa acinyamata a m'komboni, ndipo nifuna kuwatsutsa: "Zonse zili pa intaneti." Munthu akakamba conco, ndiye kuti ma CD a atate ake apita kudzala, makaseti a ambuye ake asanduka zoseweletsa za ana, ndipo vidiyo ya cikwati ca akulu ake yafafanizidwa m'foni kuti mupezeke malo a gemu yatsopano. Mau amenewa ni bodza. Zambili za ife sizili pa intaneti, ndipo zimene zilipo si zathu. Tili pa lendi. Aliyense wokulila ku Kanyama, ku Chawama olo ku Mtendere adziwa tanthauzo la lendi: ungalipile zaka 10 osaphonyako mwezi, koma tsiku limene eni nyumba adzaifuna, katundu wako adzagona panja.

Tiyambile pa ndalama. Netflix inafika muno mu 2016, Spotify mu 2021. Wotamba filimu pa Netflix alipila kawili: ya pamwezi ku kampaniyo, na ya bandulo ku netiweki yake. Eni ake a Netflix amakamba okha kuti ola imodzi ingadye 1 GB ngati cithunzi ni ca wamba, ndipo ingafike 3 GB ngati ni HD. Filimu imene mng'ono wanu aikonda mpaka kuitamba kasanu, mwaigulila bandulo kasanu. Mudzati, "Koma nimacita daunilodi mu app." Zimene mwasunga mmenemo n'zokhoma, kiyi ili na iwo. Pa Spotify, foni ikakhala masiku 30 osalowa pa intaneti, nyimbo zimene munasunga zileka kulila. Mukaleka kulipila, zonse zazima. Pambuyo pa zaka zisanu za kulipila, m'manja mulibe olo nyimbo imodzi imene mungapatse mwana wanu.

Ndipo musaganize kuti eni nyumba amenewa sataya katundu wa anthu. Mu 2019, MySpace inavomela kuti posamutsa zinthu pa makompyuta ake inataya nyimbo zimene anthu anaikapo kucokela 2003 mpaka 2015, nyimbo pafupifupi 50 miliyoni. Oimba ambili analibe kope ina. Mu 2009, Amazon inafafaniza buku la George Orwell lochedwa 1984 m'ma Kindle a anthu amene anali atalipila kale, n'kuwabwezela ndalama popanda kuwafunsa. Mu 2022, Sony inacotsa mafilimu a StudioCanal m'maakaunti a PlayStation a anthu a ku Germany na Austria, ngakhale kuti anthuwo anadina batani lolembedwa kuti kugula. Kuciyambi kwa 2024, Universal Music inakangana na TikTok pa nkhani ya malipilo, ndipo kwa miyezi itatu mavidiyo ambilimbili anakhala zii, opanda nyimbo. Zinafika pakuti boma la California linakhazikitsa lamulo mu 2024 lokakamiza makampani kuuza wogula mosabisa kuti cimene akupeza ni cilolezo cabe. Ngati a ku Germany angalandidwe mafilimu, kuli bwanji iwe wa ku George, amene kampaniyo siidziwa n'komwe kuti uliko? Akulu anati fodya wako ni uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Mbili ya nyimbo zathu ni umboni wokwana. M'zaka za m'ma 1970, boma la a Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zolila pa wailesi zikhale za muno. Teal inali kudinda malekodi ku Ndola. WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya na Ngozi Family anali kudzaza maholo. Ndiyeno mtengo wa kopa unagwa, ndalama zinasowa, AIDS inatenga oimba ambili, ndipo malekodi anamwazikana. A Jagari Chanda, woimba wamkulu wa WITCH, anakhalako mphunzitsi, pambuyo pake anayamba kukumba miyala ya mtengo wapatali. Nyimbozi zinabwelela bwanji? Kampani ya ku Los Angeles yochedwa Now-Again Records inasonkhanitsa zimene zinatsala: inatulutsanso nyimbo za a Rikki Ililonga mu 2010, za WITCH mu 2012, na Welcome to Zamrock! mu 2017. Mu 2024, Tyler, the Creator anatenga cigawo ca nyimbo ya Ngozi Family ya mu 1977 n'kuciika m'nyimbo yake "Noid", zaka 35 a Paul Ngozi atamwalila. Tinanyadila tonse. Koma zonsezi zinatheka cifukwa cakuti kwinakwake kunali munthu amene sanataye lekodi kapena tepi yake.

Zamrock inapulumuka cifukwa akunja anaikonda. Nanga zimene akunja sazifuna? Yesani kufunafuna makaseti onse a kalindula amene anali kulila m'matavani a ku Matero m'ma 1980. Mudzapeza nyimbo zochuka za a PK Chishala na Amayenge, koma magulu ang'onoang'ono amene anatulutsa kaseti imodzi cabe mudzawasowa. Yesani kufuna zigawo zonse za Kabanana. Yesani kwaya ya chalichi canu imene inajambula CD mu 2006 n'kuigulitsa pakhomo pa chalichi. Kampani ya ku Stockholm ilibe cifukwa cosungila zimenezi. Ana amene nimaphunzitsa angachule oimba a ku Lagos na Atlanta mosadodoma, koma nikawafunsa nyimbo imene inalila pa cikwati ca makolo ao, amangoyang'anana. Mlandu si wa ana. Sitinawasungile.

Cimene cindiwawa koposa ni mavidiyo a pabanja. Kitchen party ya mlongo wanu, matebeto, cilanga mulilo, ulendo wa ku Nc'wala ku Mtenguleni olo ku Kulamba ku Mkaika, ambuye akusimba mmene anabwelela ku Lusaka kucoka kumudzi. Zimenezi palibe kampani imene ingazijambulenso. Ife tazisiya m'foni imodzi, imene ingabedwe mawa pokwela minibasi ku City Market. Ena amati, "Ninatumiza pa gulupu ya banja." WhatsApp imafinya vidiyo mpaka nkhope kuoneka monga zapakidwa phala, ndipo aliyense pa gulupu amaifafaniza foni ikadzala, poganiza kuti wina wasunga. Ena amadalila Google. Kucokela pa 1 June 2021, Google Photos inaleka kusunga zithunzi mopanda malile, ndipo zaulele ni 15 GB cabe. Kucokela December 2023, Google ingafafanize akaunti imene yakhala zaka ziwili osagwilitsidwa nchito. Ganizilani tanthauzo lake pa malilo. Munthu wamwalila, palibe adziwa password, papita zaka ziwili, ndipo mau ake angapite naye kumanda.

Ambuye athu sanali kusunga cimanga m'nkhokwe ya mwini sitolo. Nafenso timange nkhokwe yathu, ndipo si nchito ya akatswili. Mufunika zinthu zitatu: hard drive, kompyuta yakale, na router. Hard drive ya 1 TB ingasunge nyimbo za MP3 zomveka bwino pafupifupi 100,000, cifukwa nyimbo ya mphindi zinayi idya pafupifupi 10 MB. Ngati ni ma DVD, iliyonse ya 4.7 GB, angalowe opitilila 200. Laputopu ija ya skilini yosweka imene ili pansi pa bedi ikwana. Muikemo pulogilamu yaulele yochedwa Jellyfin, muionetse kumene kuli mafoda a nyimbo na mafilimu, ndipo foni, TV olo kompyuta iliyonse yolumikizidwa ku Wi-Fi ya m'nyumba idzatha kutamba na kumvela zimene zili mmenemo, aliyense zake pa nthawi imodzi. Apa pali cinthu cimene ambili sadziwa: Wi-Fi na intaneti ni zinthu ziwili zosiyana. Router ingalumikize zipangizo za m'nyumba olo bandulo yasila, cifukwa filimu icoka cabe pa laputopu kupita pa foni, siituluka panja. Ngati Jellyfin yakuvutani, tsegulani foda kuti ioneke pa netiweki ya m'nyumba, ndiyeno muifikile na VLC pa foni. Ngati router mulibe, lumikizani hard drive ku USB ya TV. Poyambila ni pamenepo.

Nachula Jellyfin mwadala. Pali ina yochuka yochedwa Plex, koma kucokela April 2025 inayamba kulipilitsa munthu wofuna kutamba mavidiyo ake ali kutali na nyumba. Mafilimu ni ako, kompyuta ni yako, malaiti ulipila iwe, koma pakhomo paimilila wina afuna ya lendi.

Kucotsa nyimbo pa CD n'kosavuta: Exact Audio Copy imazisandutsa FLAC, imene siitaya kamvekedwe kalikonse. HandBrake imacepetsa mavidiyo aakulu kuti adye malo ocepa. Makaseti afuna wailesi imene ikali kuzungulutsa tepi, cingwe olo kabokosi ka USB, na Audacity. Matepi a VHS pelekani kwa ojambula mavidiyo a zikwati amene ali na makina ake, ndipo musacedwe, cifukwa tepi imaonongeka na cinyontho ca mainza na kutentha kwa October.

Nidziwa zimene ena adzayankha. Coyamba: "Malaiti ali kuti?" Zoona, cilala ca 2024 cinacepetsa madzi ku Kariba mpaka nyumba zambili zinali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku. Koma nthawi imeneyo netiweki nayo inali kuvuta, cifukwa milongoti ya foni imafuna magetsi. Amene anadalila Netflix anakhala mumdima kawili. Laputopu ili na batile yake, router idya magetsi ocepa kwambili, ndipo kasola kang'ono kangathe kuzilimbitsa zonse ziwili. Kuzima kwa malaiti ni cifukwa cina comangila nkhokwe.

Caciwili: "Uku ni kuba nyimbo." Apa tisanamizane. Mnyamata woika nyimbo 500 pa memory card ku msika sapeleka olo ngwee kwa woimba, ndipo lamulo la Copyright and Performance Rights Act la 1994 na bungwe la ZAMCOPS zilipo cifukwa ca zimenezo. Nkhokwe imene nikamba ni ya zimene munagula, zimene eni ake anakupatsani, na zimene munajambula mwekha. Si ya malonda. Koma amene aganiza kuti kumvela pa Spotify ndiye kudyetsa woimba, amveko izi: kucokela April 2024, nyimbo imene siinalile nthawi 1,000 m'miyezi 12 siipatsidwa malipilo pa Spotify. Mnzanu wa ku Garden amene nyimbo yake yalila nthawi 600 sapata kanthu pa nyimboyo. Mukamutumizila K50 pa foni n'kulandila fayilo kwa iye mwini, wadya lelo, ndipo inu muli na kope imene palibe angakulandeni.

Cacitatu: "Hard drive imafa." Inde imafa, ndipo siicenjeza. Cakudza siciimba ng'oma. Ndiye cifukwa cake osunga zinthu pa makompyuta ali na lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zipangizo ziwili zosiyana, ndipo imodzi ikhale kunyumba ina. Kwa ife n'kosavuta. Hard drive yaciwili ikakhale kwa amalume ku Kabwe olo kwa azakhali ku Chipata, ndipo nthawi iliyonse mukapita mukaonjezemo zatsopano. Moto, kawalala olo madzi osefukila a ku Kanyama sangafike konse kuwili usiku umodzi. Ngati ndalama ya hard drive yaciwili palibe, yambani na zimene sizingagulidwenso, mavidiyo na zithunzi za banja, muziike pa flash. Musadalile ma flash ochipa olembedwa 1 TB a m'mbali mwa msewu, cifukwa ambili ni abodza ndipo amameza mafayilo mwakacetecete. Komanso pelekani maina. Fayilo yolembedwa VID_0043 ilibe phindu kwa mdzukulu wanu. Lembani caka, malo, na anthu amene alimo, pamene amai akali na moyo kuti akuuzeni kuti wovala citenge cofiila uja ni ndani.

Sinikamba kuti mufafanize Spotify, YouTube olo Boomplay. Ni misika yabwino yodziwilako nyimbo zatsopano, ndipo oimba athu afunika kuonekela kumeneko. Koma kumsika kumapitidwa kukagula, katundu amasungidwa kunyumba. Banja limene lingasonkhe ndalama ya keke ya masitepe atatu pa kitchen party lingasonkhenso ya hard drive yosungilamo vidiyo ya tsikulo. M'banja lililonse muli wacinyamata mmodzi amene onse amamuitana foni ikavuta. Ngati ndiwe, nchito iyi ni yako. Pa Ciwelu cikubwela, pempha atate akuonetse katoni ya ma CD na makaseti. Pita kwa ambuye na foni, uwajambule akusimba za kumudzi, ndipo usiku womwewo uike vidiyoyo m'malo awili.