Dothi limakumbukira chilala chimene mabuku athu sadziwa

Mu February 2018 anthu a mumzinda wa Cape Town analamulidwa kugwiritsa ntchito malita 50 okha a madzi patsiku, mvula itavuta zaka zitatu zotsatizana ndipo damu la Theewaterskloof litatsala pang'ono kuphwa. Ambiri anati zotere sizinaonekepo. Sizinaonekepo m'mabuku olembamo mvula, inde, koma mabukuwo sakwanitsa n'komwe zaka 200.

Dothi lili ndi kaundula wakale kwambiri. Kumpoto kwa China kuli dothi lotchedwa loess, lomwe ndi fumbi limene mphepo yakhala ikuunjika kwa zaka zoposa 2 miliyoni. Nthawi ya mvula yambiri, m'dothimo mumapangika timibulu tachitsulo tokokedwa ndi maginito. Nthawi youma timachepa. Akatswiri akayeza mphamvu ya maginitoyo kuyambira pamwamba kutsika pansi, amawerenga nyengo zachinyezi ndi zouma motsatana kwake, monga munthu awerengera mizere ya mtengo wodulidwa.

Kwathu kuno ntchito imeneyi imagwiridwa ndi matope a pansi pa nyanja ya Malawi. Asayansi ataboola pansipo mu 2005, anapeza kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zimene zinatsitsa madzi a m'nyanjayi ndi mamita oposa 500.

Tisanamizane: matopewo sangatiuze ngati mvula ya chaka chino idzagwa mu November kapena mu January. Chimene akutiuza n'chakuti dera lathu limatha kuuma kwa nthawi yaitali kuposa imene ife, ngakhale agogo athu, tinaionapo. Chikhalirecho ife a malonda a mbewu timakonzekera chilala ngati mlendo wogona usiku umodzi. Mashelefu athu adzaza chimanga cha haibulidi. Mapira, mchewere, khobwe ndi nandolo tinazisiyira amayi m'misika, poti phindu lake pa paketi n'lochepa. Mu March 2024, boma la Malawi litalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha El Niño, ndi angati mwa ife amene anali ndi mbewu ya mapira yovomerezeka yoti agulitse?

Mitundu yopirira ng'amba ilipo, yosungidwa ku Chitedze ndi kunkhokwe ya mbewu ya SADC ku Chalimbana, pafupi ndi Lusaka. Koma kuchulukitsa mbewu mpaka kufika m'sitolo kumadya nyengo zingapo. Alimi ochulukitsa mbewu apatsidwe makontirakiti a mbewu zimenezi chaka chino, ndipo ogulitsa azipatulire shelefu, ngakhale mvula itakhala kuti yagwa bwino.