Musasiye Galu Pabwinja

Chaka chilichonse, zokolola zikalowa m'nkhokwe ndipo maphunziro atha, timatsazikana ndi ena a inu amene mwapeza ntchito kutali. Wina amapita kumafamu a tirigu ku Mkushi, wina ku Chisamba kukasamala ng'ombe zamkaka, wina kuminda ya nzimbe ku Mazabuka, wina chapafupi pompano ku Chipata. Timakondwa nanu, pakuti ndicho chimene munadzera kuno. Musanakwere basi mumakonza zonse mwadongosolo: mbuzi mumaikiza kwa amalume, nkhuku mumagulitsa, munda mumabwereka alamu, ngakhale khasu ndi nkhwangwa zimapeza pokhala. Chimene chimatsala chopanda mwini ndi galu. Tikafunsa, yankho limakhala limodzimodzi: "Adzaona yekha, galu safa ndi njala pamudzi."

Ife tikuti yankho limeneli ndi lolakwa. Munthu amene ntchito yamuitana sanamalize kulongedza katundu ngati sanatchule dzina la munthu mmodzi amene adzadyetsa galu wake mawa.

Chaka chatha mbale wina amene anaphunzira pano, wa kumidzi ya kufupi ndi Chikomeni, ananyamuka mu Seputembala nasiya agalu awiri pakhomo lotseka. Sabata yoyamba agaluwo anagona pakhonde kudikira. Sabata yachiwiri anayamba mazira ndi anapiye a oyandikana nawo, kenaka anagwira kamwana ka mbuzi. Pofika nyengo ya dzinja, wamkazi anali ataswera ana m'tchire la kudambo, ndipo anawo anakula osadziwa dzanja la munthu. Mbaleyo pobwera kudzaona makolo anapeza mlandu ukumudikira kwa amfumu, nalipa mbuzi. Sanali munthu wankhanza. Anangoganiza monga ambiri a ife timaganizira, kuti galu ndi theka la nyama yam'tchire ndipo angathe kubwerera kumene anachokera.

Galu wapamudzi alibe tchire loti abwerereko. Moyo wake wonse wadalira mkute, gaga wophika, mafupa ndi zotsala za pamphasa. Zimenezi zikatha amasaka chimene chili chapafupi ndi chofooka, ndipo chapafupi ndi khola la mnzanu. Galu wamkazi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63 ndipo angathe kuswa kawiri pa chaka. Chotero galu mmodzi wosiyidwa lero amasanduka gulu pakangopita zaka ziwiri, gulu limene palibe angaligwire tsiku limene a zaziweto abwera ndi katemera.

Apa ndi pamene nkhaniyi imakhudza moyo wa anthu. Bungwe la World Health Organization limanena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka ndi chaka, ochuluka a iwo mu Africa ndi Asia, ndi kuti pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Mwa akufawo, anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15, pakuti ana ndiwo amasewera ndi tiagalu ndiponso amabisa bala poopa kukalipiridwa. Nthendayi imatha kubisala m'thupi miyezi iwiri kapena itatu, koma zizindikiro zikangooneka, mankhwala ochiza palibe. Akatswiri amatiuzanso kuti agalu 70 mwa 100 alionse a m'dera akalandira katemera, chiwewe chimasowa podutsa. Galu aliyense wosiyidwa pabwinja amachotsedwa pa chiwerengero cha olandira katemera naikidwa pa chiwerengero cha ofalitsa nthenda. Mwana wolumidwa kumidzi ya kuno ayenera kutsukidwa bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndi kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mukudziwa kutalika kwa ulendo wa ku Lumezi kapena ku Lundazi, ndipo katemera wa munthu wolumidwa saperekedwa kamodzi kokha. Ndalama ya maulendo amenewo simulipira inu amene muli ku Mkushi. Amalipira mayi wa mwanayo.

Ife a kuno tili ndi chifukwa china chimene a m'madera ena alibe. Minda yathu yachita malire ndi nkhalango ya Lukusuzi, imene inakhala malo otetezedwa a dziko mu 1972 ndipo kukula kwake ndi makilomita 2,720 m'bwalo lonse. Pangano limene Zambia ndi Malawi anasaina mu 2015 linailumikiza ndi nkhalango ya Kasungu, kuti nyama ziziyenda pakati pa ziwirizi. Kumadzulo kwake kuli chigwa cha Luangwa, amodzi mwa malo ochepa mu Africa kumene mimbulu ikadapezeka yambiri. Galu wanjala sadziwa malire a nkhalango. Amalowa kukasaka akalulu ndi agwape, amalimbirana mitembo ndi afisi ndi ankhandwe, ndipo nthenda zimayenda mbali zonse ziwiri: zapamudzi zimalowa m'tchire, zam'tchire zimabwera pakhomo. Mu 1994 nthenda ya agalu yotchedwa distemper inapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango ya ku Serengeti ku Tanzania, ndipo ofufuza anailoza kwa agalu a m'midzi yozungulira. Lamulo la dziko lathu sililola ziweto kulowa m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Tikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi madandaulo oona pa njovu ndi nguluwe zimene zimaononga minda. Madandaulo athu amamveka bwino pamene ifenso tasunga ziweto zathu kumbali yathu ya malire.

Wina adzati, "Ndiye ndipite naye." Nthawi zina ndicho chabwino koposa, makamaka ngati mukukakhala m'nyumba ya pafamu yokhala ndi bwalo lake. Koma funsani musananyamuke. Mafamu ena salola antchito kusunga agalu chifukwa cha ziweto zawo. M'makomboni monga Mchini ndi Kapata ku Chipata, kapena Kanyama ndi Chawama ku Lusaka, chipinda cha lendi chimagawana bwalo limodzi, mpopi umodzi ndi chimbudzi chimodzi ndi mabanja ena. Eni nyumba akakana galu sakhala oipa mtima, amakhala akuganizira ana a alendi anzanu. Kulowetsa galu mobisa ndi kuyamba moyo watsopano ndi bodza, ndipo mapeto ake ndi kuchotsedwa m'nyumba kapena kutaya galuyo m'misewu ya tauni, kumene alibe ndi mmodzi yemwe womudziwa. Kumanga pa tcheni lalifupi galu amene wakula akuthamangitsa anyani m'munda si chifundo ayi. Ngati eni nyumba avomera, pitani ku ofesi ya zaziweto ya boma lanu ndi khadi la katemera, mukatenge chilolezo chosamutsira chiweto kupita kuboma lina. Mukafika, mukafunse ku khonsolo za kalembera wa agalu, monga lamulo la Control of Dogs Act lifunira.

Wina adzatinso, "Anthu akugona ndi njala, inu mukulemba za agalu?" Funsoli timalilemekeza, pakuti chilala cha 2024 sitinachiiwale. Koma taonani amene amavulala galu akasiyidwa. Si munthu wolemera wokhala ndi mpanda wa waya. Ndi gogo amene nkhuku zisanu ndizo banki yake, ndi mwana woweta mbuzi kudambo. Kusamala za galu wanu musanachoke ndi kusamala za mnansi wosauka amene atsala.

Kwa ife osunga Sabata, nkhaniyi ili m'kati mwenimweni mwa chikhulupiriro chathu. Lamulo lachinayi, limene timaliwerenga kawirikawiri pa Eksodo 20, limatchula ziweto pakati pa iwo oyenera kupuma pamodzi ndi mwini nyumba. Buku la Miyambo, mutu 12 ndime 10, limayesa chilungamo cha munthu pa mmene amasamalira moyo wa chiweto chake. Timaphunzitsa za ukapitawo, ndipo ambiri timaganiza kuti ukapitawo umathera pa chakhumi ndi zopereka. Kapitawo wokhulupirika akamachoka pantchito amapereka m'manja mwa wina chilichonse chimene anapatsidwa kuti asunge. Galu amene analondera nkhokwe yanu zaka zisanu, nauwa usiku umene fisi anazungulira khola, ali m'gulu la zinthu zimenezo.

Tsono muchite chiyani? Kwa ambiri a inu njira yabwino ndi kumupezera mbuye watsopano konkuno kumudzi, ndipo ntchitoyi iyambe mwezi wathunthu musananyamuke. Sankhani munthu wamkulu mmodzi, wodziwika ndi dzina, amene akumufunadi galuyo. Mawu akuti "ndasiyira a pamudzi" amatanthauza kuti simunasiyire aliyense. Muuzeni zoona zonse: ngati galuyo amadya mazira, nenani, ngati sakonda ana, nenani. Musamupereke kwa munthu amene mukudziwa kuti amasaka m'nkhalango, pakuti mudzakhala mwathandiza mlandu. Pitani naye kukhomo latsopanolo masabata awiri kapena atatu mukadalipo, ndipo chakudya azilandira m'dzanja la mbuye watsopanoyo, osati lanu. Masiku oyamba amangidwe pamthunzi ndi chingwe chachitali, madzi ali pafupi, ndi thumba lakale limene amagonera. Akathawira kwanu, mubwezeni tsiku lomwelo osamupatsa kanthu. Agalu amatsata kumene kuli mbale.

Musanamupereke, alandire katemera wa chiwewe, ndipo khadi lake lipite naye. Kamwana ka galu kamayamba kulandira katemera pa miyezi itatu, ndipo amabwerezedwa monga a zaziweto akuuzirani. Ngati ndi wamkazi ndipo mbuye watsopanoyo sakufuna ana, funsani a zaziweto za opaleshoni yotseka kubereka. Siyani thumba la gaga, ndipo malipiro oyamba akatuluka tumizani kangachepe pafoni. Mupanganirane pamaso pa nduna ya pamudzi kapena mkulu wa mpingo, kuti mawa pakabuka mlandu pasakhale kukanirana za mwini galu. Ngati galuyo wakalamba kwambiri kapena akudwala mosachira, a zaziweto ndiwo adziwa njira yomugoneka mosamuzunza. Musathire poizoni m'chakudya. Nyama yapoizoni imapha agalu a ena, miimba ndi afisi, ndipo ingafike m'manja mwa mwana. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akutuluka dovu kapena kuluma chilichonse, musamugwire ndiponso musamupereke kwa munthu. Dziwitsani a zaziweto msanga.

Kwa inu amene mwangoyamba maphunziro, amene mwina wina wakulonjezani kamwana ka galu, akulu anati walira mvula walira matope. Galu wosamalidwa amakhala zaka khumi kapena kuposerapo, pamene inu mukuyembekeza kuchoka pano pakatha chaka kapena ziwiri. Ganizirani tsiku lonyamuka musanamulandire. Ndipo inu ophunzira athu akale amene mwakhazikika paminda yanu ku Mwasemphangwe, Chikomeni, Kazembe ndi Chitungulu, ngati mukufuna mlonda wa nkhokwe, tiuzeni. Galu wamkulu wozolowera kale ntchito amaposa kamwana kofuna kuphunzitsa, ndipo ife tidzakulumikizani ndi mbale amene akusamuka.

Pa 28 Seputembala dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, ndipo ino ndiyo nyengo imene ambiri a inu mumanyamuka. Kuyambira chaka chino, aliyense wobwera kudzatsazika tidzamupempherera monga mwa masiku onse, tidzamufunsa za mbewu ndi za banja, kenaka tidzamufunsanso kuti galu wamusiyira yani. Tikupempha kuti mubwere ndi dzina la munthuyo.