Chipululu nacho chili ndi mitundu, amangwetu

Anzanga a pamsika, inu mukudziwa kuti mtundu umagulitsa malonda. Tomato wofiira psuu sachedwa pabenchi, pomwe chitenje chozilala chimagonera m'katoni. Lero ndati tikambe za munthu amene anagulitsa mitundu ya m'chipululu, malo omwe ambirife timayesa ndi mchenga wokhawokha.

Mkuluyu ndi Albert Namatjira, wa fuko la Arrernte, eni nthaka a pakati pa dziko la Australia. Anabadwa mu 1902 ku mishoni ya Hermannsburg. Azungu ambiri ankaliona dera limenelo ngati dziko lakufa. Iye ataphunzira kujambula ndi penti wosungunula m'madzi mu 1936, anawaonetsa zina.

Zithunzi zake n'zotere: pansi dothi lofiira ngati katondo, chapatali mapiri a MacDonnell ali apepo ndi amtambo, kutsogolo mtengo wonga bulugamu, thunthu lake loyera mbee. Kufiirako kumakuuza za kutentha. Pepo uja amakankhira phiri kutali n'kukuziziritsa mtima. Pamtengo woyerawo ndiye pamene diso limapumira. Ukayang'ana suchita mantha ayi, umamva bata la m'mawa dzuwa lisanalunde. Chifukwa chake? Mlendo akaona chipululu amaona ludzu, koma mwinimudzi amaona kwawo.

Malonda anayenda, osati masewera. Mu 1938 ku Melbourne zithunzi zake 41 zinagulidwa zonse. Mu 1954 anaonana ndi Mfumukazi Elizabeth. Koma tamvani izi: unzika wa dziko la makolo ake anampatsa mu 1957, iye n'kumwalira mu 1959. Mu 1983 ofesi ya boma yosunga chuma chamasiye inagulitsa ufulu wosindikiza zithunzi zake kwa kampani ina pa madola 8,500 a ku Australia. Ufuluwo unabwerera kubanja lake mu 2017, patatha zaka 34. Zaka zonsezo ndalama zimalowa m'thumba la wina, eti!

Tsono inu ojambula ndi ogulitsa zithunzi m'mbali mwa msewu, langizo langa ndi ili. Nyanja kapena phiri la Mulanje muzilipaka mitundu imene maso anu akuidziwa, osati imene mlendo akuyembekeza. Ndipo wina akabwera ndi chikalata choti akasindikize chithunzi chanu, werengani kaye musanasaine.