Maliro Opanda Mthenga ku Tottenham

Pa Lachinayi, pa 4 August, 2011, nthawi itangopitirira 6 koloko madzulo, apolisi onyamula mfuti a mumzinda wa London anaimitsa galimoto ya hayala pa msewu wotchedwa Ferry Lane, ku Tottenham, chakumpoto kwa mzindawo. M'galimotomo munali Mark Duggan, munthu wakuda wa zaka 29, wa m'dera lomwelo, amene apolisi anali kumlondola chifukwa anali atamva kuti walandira mfuti kwa munthu wina. Duggan atatuluka m'galimotomo, wapolisi mmodzi anamuombera kawiri, pamkono ndi pachifuwa, ndipo anafera pomwepo. Pofika Loweruka usiku Tottenham anali pamoto. Ndipo sabata isanathe, masitolo anali atathyoledwa m'mizinda yambiri ya ku Mangalande, anthu ena 5 atataya miyoyo yawo.

Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amathamangira funso lakuti kodi wapolisiyo analakwa kapena sanalakwe. Funsolo ndi lolemera ndithu, ndipo bwalo la milandu linadzaliyankha pa nthawi yake. Koma kwa anthu amene ali pa ntchito ya Boma, amene tsiku ndi tsiku amalandira anthu pakhomo la ofesi, pali funso lina loyenera kulilingalira mofatsa: kodi chinachitika nchiyani pakati pa Lachinayi madzulo ndi Loweruka madzulo? Pakuti Lachisanu lonse linapita popanda mwala umodzi woponyedwa. Moto unadikira masiku awiri athunthu, ndipo m'masiku awiriwo akuluakulu anali ndi danga lokwanira kuuzima usanayake.

Cholakwa choyamba chinali chakuti makolo a Duggan sanalandire uthenga wa maliro kuchokera kwa apolisi. Apolisi anayesa kuti ntchitoyo yagwiridwa mokwanira pakulankhula ndi abale ena amene anafika pamalo a ngoziwo. Bungwe loima palokha lofufuza madandaulo otsutsa apolisi, limene pa nthawiyo linali kutchedwa IPCC, nalonso silinaonetsetse kuti makolowo afikiridwa. Chotero palibe wapolisi amene anakagogoda pakhomo pa mayi wake wa malemuyo kukanena kuti mwana wawo wafa. Mayiyo anatsala kumamvera za pawailesi ya kanema ndi zonena za anthu, osadziwa choona chenicheni. Munthu aliyense wokulira kumudzi adziwa kulemera kwake kwa chinthu chotere. Zovuta zikagwa, nyakwawa imayamba yauzidwa, amithenga amatumidwa kwa eni mbumba, ndipo palibe amene amalola kuti kholo limve za imfa ya mwana wake pachitsime kapena pamsika. Ngakhale womwalirayo anali wovuta chotani pamudzi, mwambo umenewu saudumpha, chifukwa ulemuwo ngwa otsala. Patapita miyezi, mu February 2012, bungwe lija linavomera kuti dandaulo la banjalo pa mfundo imeneyi linali loona, ndipo apolisi ndi bungwelo anapepesa. Kupepesako kunafika nyumba za anthu zitapsa kale.

Cholakwa chachiwiri chinali choposa choyambacho. Usiku womwewo wa Lachinayi, atolankhani anamva kuchokera ku bungwe la IPCC mawu opereka chithunzi chakuti panali kuomberana, ndiko kuti Duggan anayamba waombera apolisi. Nyuzipepala zinalemba chomwecho, zinawonjeza kuti wapolisi wina anapulumuka chifukwa chipolopolo chinakodwa m'wailesi yake ya m'manja. Koma anthu a ku Tottenham anali kumva zina kwa anzawo, ndipo mphekesera zinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Pa 9 August bungwelo linalengeza kuti panalibe umboni wakuti mfuti yopezeka pamalopo inaomberedwa, ndi kuti chipolopolo cha m'wailesi chija chinali cha mtundu wa apolisi eni ake. Pa 12 August linavomera kuti mwina mawu a antchito ake ndiwo anasokeretsa atolankhani. Apa mpofunika kuzindikira kuti bodza la dala ndi mawu onenedwa mothamanga zimabala chipatso chimodzimodzi m'mitima ya anthu. Ofesi ikanena chinthu lero nkudzachibweza mawa, anthu sakhulupiriranso ngakhale choona chimene idzanene mkuja. Wolankhula m'dzina la Boma akananena kuti kafukufuku ali mkati ndipo sizinadziwike kuti anaombera ndani, sakanataya kanthu.

Tsono linafika Loweruka, pa 6 August. Chakumadzulo abale ndi anansi a malemuyo, amayi ndi ana ali pomwepo, anauyamba ulendo wapansi kuchokera ku Broadwater Farm, kumene kuli nyumba zosanja za anthu osauka, kupita ku polisi ya Tottenham. Sananyamule zida. Chimene anafuna nchakuti mkulu wa apolisi waudindo wokwanira atuluke, alankhule nawo, awauze chimene chachitika. Anaima panja maola angapo. Amene anatuluka anali wa udindo wocheperapo, wopanda mphamvu yoyankha mafunso awo, ndipo wamkulu amene anali kumdikirayo sanafike dzuwa lisanalowe. Mdima utayamba, amayi ambiri anabwerera kwawo ndi ana. Panatsala achinyamata okwiya, ndi ena obwera kumene amene za maliro sanali kuzilabadira. Nthawi itapitirira 8 koloko galimoto ziwiri za apolisi zinatenthedwa, kenaka basi, kenaka masitolo ndi nyumba yaikulu imene pansi pake panali sitolo ya makapeti ndipo pamwamba pake pankagona mabanja ambiri.

Akuluakulu amati mutu ukakula sulewa nkhonya. Mkulu wa apolisi akanatuluka madzulo amenewo akanatukwanidwa ndithu, mwina akanakankhidwa. Koma ndiyo ntchito imene udindo wake unampatsa. Ndipo chodabwitsa nchakuti apolisi a ku Tottenham sakanati sadziwa mbiri ya malo awo. Mu October 1985, mayi wina wa komweko, Cynthia Jarrett, anafa ndi nthenda ya mtima apolisi akuchita chipikisheni m'nyumba mwake. Tsiku lotsatira anthu anapita kukadandaula ku polisi yomweyo, ndipo usiku wake ku Broadwater Farm kunabuka chipolowe chimene wapolisi Keith Blakelock anaphedwerapo mwankhanza. Patapita zaka 26, anthu a malo omwewo anayendanso njira yomweyo kupita pakhomo lomwelo. Woyang'anira dera amene sawerenga mabuku a amene anakhalapo iye asanabwere amagwa m'dzenje lakale.

Zimene zinatsatira palibe munthu wanzeru angaziikire kumbuyo. Moto umapita kumene kwatsala tchire: kuyambira pa 7 kufikira pa 10 August chipolowe chinafalikira ku Enfield, Brixton, Hackney, Croydon ndi Ealing, ndi kunja kwa London ku Birmingham, Manchester, Liverpool, Nottingham ndi Bristol. Ambiri a othyola masitolo sanamdziwe Duggan, ndipo nsapato ndi mawailesi a kanema amene ananyamula sizinatonthoze mayi wake. Banja la malemuyo linanena poyera kuti silikugwirizana ndi ziwawazo. Ku Croydon sitolo ya mipando ya banja la Reeves, imene inayamba malonda mu 1867, inapsa usiku umodzi. Ku Ealing nkhalamba ya zaka 68 inamenyedwa pamene inali kuyesa kuzima moto, ndipo inafera m'chipatala. Ku Birmingham amuna atatu amene anali kulondera masitolo a m'dera lawo anagundidwa ndi galimoto nafa. Ndipo bambo wa mmodzi wa iwo, Tariq Jahan, ndiye anaima pamsewu m'mawa mwake, mtembo wa mwana wake usanaikidwe, kupempha achinyamata kuti asabwezere koma apite kwawo. Munthu wamba ameneyo anachita mwa mphindi zochepa chimene maofesi aakulu analephera m'masiku awiri, ndiko kuima pamaso pa anthu okwiya ndi kuwalankhula.

Boma la Mangalande linadzuka mochedwa, koma litadzuka linagwira ntchito mwamphamvu. Nduna Yaikulu David Cameron inadukiza tchuthi chake ku Italy, Nyumba ya Malamulo inaitanidwa pa 11 August, ndipo apolisi 16,000 anaikidwa m'misewu ya London. Anthu oposa 3,000 anamangidwa, mabwalo a milandu anagwira ntchito usiku wonse. Kubwezeretsa bata ndi udindo woyamba wa Boma lililonse, ndipo pamenepa palibe chonena. Komabe zilango zina zinadabwitsa ngakhale okonda chilungamo chokhwima: mnyamata wina wa sukulu analamulidwa miyezi 6 m'ndende chifukwa cha mabotolo a madzi a mtengo wa £3.50, ndipo amuna awiri anapatsidwa zaka 4 chifukwa cholemba pa Facebook mawu oitanira anthu ku chipolowe chimene sichinachitike nkomwe. Anthu a ku Tottenham anaona kuti wakuba madzi waweruzidwa sabata yomweyo, pamene za imfa ya Duggan anayenera kudikira zaka zoposa ziwiri. Nduna Yaikulu inati zonsezo zinali umbava chabe. Umbava unalipo wochuluka. Koma nyuzipepala ya Guardian pamodzi ndi sukulu yaukachenjede ya London School of Economics atafunsa anthu 270 amene anachita nawo chipolowecho, anapeza kuti ambiri anali ndi chidani chakale ndi apolisi, makamaka chifukwa choimitsidwa ndi kusechedwa pamsewu kawirikawiri mopanda ulemu. Aphunzitsi adziwa bwino kuti mwana wonyozedwa tsiku ndi tsiku pamaso pa anzake amasunga kanthu mumtima, ndipo tsiku limene adzakatulutse sasankha womgwera.

Bwalo lofufuza za imfayo linayamba kukhala mu September 2013, pansi pa woweruza Keith Cutler, pamodzi ndi anthu wamba 10 osankhidwa kuti amve umboni ndi kugamula. Mboni zinalankhula poyera kwa miyezi itatu, ndipo wapolisi woombera uja, amene dzina lake linabisidwa namangotchedwa V53, anafunsidwa mafunso ndi maloya a banjalo. Iye anaumirira kuti anaona mfuti m'dzanja la Duggan. Mfutiyo inapezeka itakulungidwa m'sokosi, pa udzu, kuseri kwa mpanda, mapazi oposa 10 kuchokera pamene munthuyo anagwera. Pa 8 January, 2014, chigamulo chinatuluka: onse anavomerezana kuti Duggan anali ndi mfuti m'galimoto muja, ambiri anati anaiponya asanaomberedwe, ndipo inalibe m'dzanja lake pa nthawi imene chipolopolo chinampeza, komabe 8 mwa 10 anagamula kuti kuphako sikunaswe lamulo, popeza wapolisiyo anakhulupirira moona mtima kuti moyo wake uli pangozi. Chigamulo chotere nchovuta kuchimeza kwa kholo, ndipo abale anatuluka m'bwalomo akulira ndi kukalipa. Ambiri anaopa kuti London apsanso.

Sanapse. Pa 11 January anthu mazana anasonkhana pakhomo pa polisi ya Tottenham, pomwe paja anaima mu 2011, anakumbukira malemuyo, analankhula zakukhosi kwawo, nabalalika mwamtendere. Mkwiyo wawo sunali wocheperapo kusiyana ndi wa poyamba. Mwina unali woposa. Chimene chinasintha nchakuti ulendo uno umboni unali utamveka pagulu, banjalo linali litapatsidwa mpando ndi mawu m'bwalo, njira yochitira apilo inali yotseguka, ndipo akuluakulu a apolisi anali atakumana ndi atsogoleri a m'deralo tsikulo lisanafike. Anthu amatha kupirira chigamulo chowawa akaona kuti mlandu wawo wazengedwa. Chimene chimawasokoneza mutu ndicho kuima panja pa chitseko chotseka.

Nkhaniyi si yachilendo kwa anthu a dziko lino. Masabata awiri okha Duggan asanaphedwe, pa 20 ndi 21 July, 2011, anthu pafupifupi 20 anafa pa zionetsero ku Mzuzu, Lilongwe, Blantyre ndi Karonga, ambiri a iwo ndi zipolopolo za apolisi. Lamulo la apolisi la 2010 linali litanena kale kuti pakhale bungwe loima palokha lolandira madandaulo otsutsa apolisi, koma bungwelo linadzayamba patapita zaka pafupifupi 10. Kukhala nalo nkwabwino zedi. Koma London anali nalo bungwe lotero mu 2011, ndipo ndilo limene linalakwitsa mawu oyamba. Lamulo lingakhazikitse ofesi, koma amene amakwera galimoto kupita kukagwada pakhomo pa namfedwa ndi munthu wa dzina ndi udindo. Chotero bwanamkubwa, mkulu wa polisi ya dera ndi kalaliki wa pakhomo ayenera kudziwiratu, tsoka lisanagwe, kuti adzapita kwa ofedwa ndani, adzalankhula ndi atolankhani ndani, ndipo adzatuluka kukakumana ndi khamu ndani. Yankho lozolowereka lija lakuti bwana kulibe, mubwere mawa, limatheka kwa munthu wodzatenga chiphaso. Kwa anthu odzafunsa za mtembo silitheka.

Banja la Duggan linapitiriza mlandu wake m'mabwalo aakulu kufuna kuti chigamulo chija chifafanizidwe, koma silinapambane. Mu 2015 bungwe la IPCC linatulutsa lipoti lake lomaliza, losapeza wapolisi uja wolakwa, ndipo mu January 2018 bungwelo linathetsedwa, m'malo mwake munalowa lina lotchedwa IOPC. Mu 2019 apolisi a London anagwirizana ndi banjalo kunja kwa bwalo pa mlandu wa chipukuta misozi, popanda kuvomera kuti analakwa pa kuomberako.