Firiza ikalira, musaitseke pakamwa

Malaiti akabwera pakati pa usiku ku Chunga, ku Matero kapena ku George mu Lusaka, nyumba zonse zimadzuka nthawi imodzi. Wina amathamangira kutchaja foni, wina amateleka nyemba pa sitovu, ndipo pakona ya pabalaza firiza imayamba kulira, ti-ti-ti, osapuma. Ambiri anadziwa kale batani loidina kuti ikhale chete. Ena amafika poitana mnyamata wokonza mafiriji kuti angodula kawaya ka alamuyo, anthu agone. M'nyumba ya zipinda ziwiri momwe ana amagona pafupi ndi firizayo, zimenezi n'zomveka. Komabe ine ndikuona kuti n'kulakwitsa, ndipo amene amalipira kulakwitsako kawirikawiri si mwini firiza. Alamu ija nthawi zambiri sinena za makina. Imanena za nkhuku, soseji ndi nsomba zomwe zili m'katimo, zomwe mawa lake zidzagulitsidwa pa kantemba kwa anthu osadziwa momwe zinagonera.

Kuti kulirako kufike potopetsa chonchi, chinayambitsa ndi chilala. Pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi tsoka la dziko lonse. Magetsi opitirira magawo 80 pa 100 alionse a m'Zambia amachokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge, choncho madamu ataphwa kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku m'mwezi wa March. Pofika May anali maola 12, mu September 17, kenako madera ambiri ankangoona malaiti maola atatu basi pa tsiku. Ku Kariba North Bank, komwe mphamvu yake yonse ndi mamegawati 1,080, pa makina 6 opukusa magetsi ankazungulira amodzi okha. Zoterezi zinachitikanso mu 2015 ndi mu 2019, ndipo palibe wanzeru angalumbire kuti sizidzabweranso. Mafiriza omwe timagula ku Kamwala ndi m'masitolo a m'tauni, a Defy, Hisense, Samsung ndi ena, alamu yake inapangidwa poganizira nyumba yomwe magetsi amathima mwa apo ndi apo. Kuno, malaiti akamathimathima, imalira tsiku ndi tsiku, mpaka khutu linazolowera kuiyesa phokoso wamba.

Koma kulira kwa firiza sikumodzi, ndipo wodziwa kusiyanitsa amapulumutsa ndalama zambiri. Kulira kosavuta ndi kwa chitseko. Chikatsala chotsekuka pang'ono, mwina chifukwa thumba la nkhuku latsamira pamwamba kapena ayisi wakula m'mbali mpaka chivundikiro sichikhalanso bwino, firiza imalira pakangopita mphindi zochepa. Ngati chitseko chatsekeka koma kulira sikukutha, yesani labala wa m'mbali mwake: panani pepala kapena ndalama yapepala pachitsekopo n'kuikoka. Ikatuluka mosavuta, labalayo watha kapena wadetsedwa, ndipo mpweya wotentha ukulowa usana ndi usiku. Kulira kwachiwiri ndi kwa kutentha. Firiza imayenera kusunga zinthu pa madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo m'katimo mukafunda kwambiri imalira kapena kuyatsa kanyale kofiira. Izi zimachitika malaiti akangobwera atathima nthawi yaitali, komanso mukaika katundu wambiri wofunda nthawi imodzi, monga nkhuku zongophedwa kumene zochokera ku msika wa Soweto. Pamenepo makina alibe vuto, akungonena zoona, ndipo m'katimo mukazizira kulirako kumatha kokha. Chodetsa nkhawa ndi pamene magetsi akhalapo maola ambiri koma kanyale kofiira sikakuzima. Musanaitane aliyense, kokani firizayo kuichotsa kukhoma, pukutani fumbi pa mapaipi ndi pa timabowo ta mpweya, chotsani nsalu ndi mabeseni omwe atsekereza m'mbali. Firiza imazizira m'kati potaya kutentha kunja, ndipo pansi pa malata opanda siling'i m'mwezi wa October ilibe kotayira. Pa kachikwangwani ka kumbuyo kwake pamalembedwa zilembo zosonyeza nyengo yomwe inapangidwira: ya N imapirira mpaka madigiri 32, ya ST mpaka 38, ya T mpaka 43. Ogula ochepa kwambiri ndi amene amauzidwa zimenezi m'sitolo.

Pali kulira kwina komwe si alamu konse, koma ndi komwe kumapha mafiriza ambiri m'makomboni. Kompuresa imang'ung'udza masekondi angapo, kenako kumveka "tha!" n'kukhala zii, pakapita mphindi zochepa n'kuyambiranso. Imeneyo ikuyesa kudzuka koma ikulephera. Nthawi zina vuto ndi kachipangizo kakang'ono koidzutsira, komwe mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kompuresa yatsopano. Nthawi zambiri vuto ndi magetsi ofooka. Firiza imafuna mavoti 230, koma malaiti akangobwera, nyumba zonse za pa thiransifoma imodzi zimayatsa masitovu, maaironi ndi makina owotcherera nthawi yomweyo. Onjezanipo kuti pa puloti imodzi mabanja asanu akhoza kudalira mita imodzi ya alandilodi, magetsi n'kumafika kuchipinda chakumapeto kudzera pa waya woonda wolumikizalumikiza. Mukamva kulira kumeneku, zulani pulagi. Malaiti akathima, zimitsani pakhoma, ndipo akabwera dikirani mphindi zosachepera zisanu musanayatse. Kachipangizo kotchedwa firiji gadi kamachita ntchito yodikirayo kokha, ngakhale inu mutagona, ndipo kamadula magetsi akafooka kapena akakwera mopitirira.

Apa ndipatuke pang'ono ndinene za mawu omwe okonza mafiriji ena amathamangira: "Amayi, gasi yasila." Gasi ya mufiriza siili ngati mafuta a jenseti omwe amatha pogwira ntchito. Imazungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo ikachepa ndiye kuti penapake pabooka. Wothira gasi osapeza bowolo adzabweranso mwezi wamawa kudzalandira ndalama ina. Mabowo ambiri timaboola tokha pogoba ayisi ndi mpeni. Mafiriza ambiri atsopano amagwiritsa ntchito gasi ya R600a, yomwe imayaka, ndiye kuiboola m'chipinda momwe mbaula ili pamoto kapena kandulo ikuyaka si nkhani yamasewera.

Tsopano ku chenicheni. Akatswiri a chitetezo cha zakudya amati firiza yodzaza, ikapanda kutsekulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48 magetsi atathima, ndipo yodzaza theka imasunga maola 24. Anthu ambiri anamva zimenezi n'kukhazika mtima pansi, poti malaiti sathima masiku awiri. Koma mawerengedwe amenewa amayambira pa firiza yomwe inali itazizira mokwanira, pa madigiri 18 aja pansi pa ziro, komanso yosatsekulidwa. Firiza ya pa kantemba imatsekulidwa kambirimbiri pa tsiku. Ndipo magetsi akamabwera maola atatu kapena asanu okha, kompuresa sikwanitsa kubwezeretsa kuzizira konse komwe kwatayika. Tsiku lililonse firizayo imayamba ili yofundirapo kuposa dzulo lake. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi, katundu wa pamwamba amasungunuka masana, usiku n'kuumanso kunja kokha. M'mawa wogula amagogoda paketi ya soseji ndi chala, n'kumva kuti ndi gwa, n'kulipira. Maso sangaone zomwe zinachitika usiku, ndipo mphuno imachedwa kudziwa. Mboni yokhayo yomwe inalipo ndi alamu ija, yomwe inalira malaiti atabwera kunena kuti m'katimo munafunda. Mwini firiza akaidula, wachotsa chinthu chokhacho chomwe chikanamuuza zoona iye mwini.

Wina anena kuti ife timaphika ndiwo mpaka kupsa, sitidya nyama yamagazi, ndiye moto umapha zonse. Zoona zilimo, ndipo kuphika bwino kwapulumutsa anthu ambiri. Koma moto sukonza chilichonse. Tizilombo timaswana msanga chakudya chikakhala pakati pa madigiri 5 ndi 60, ndipo tina, monga Staphylococcus aureus, timasiya poizoni yemwe saphwanyika ndi kuphika kwa pa mbaula. Kuumitsanso nyama sikupha tizilombo, kumangotigoneka. Chachikulu n'chakuti si zonse za mufiriza zomwe zimaona moto. Mufiriza imodzimodziyo mumagona nkhuku, nsomba, madzi a m'mapulasitiki, mafirizitsi ndi maayisibuloko a ana a sukulu. Nkhuku zikasungunuka, madzi ake ofiirira amatsikira pansi n'kunyowetsa timapepala timeneti, kenako zonse n'kuumira limodzi. Mwana akagula, satsuka. Amaluma pakona ya pulasitiki ndi mano n'kuyamwa. Mzinda uno ukudziwa mtengo wa matenda otsegula m'mimba: kolera yomwe inayamba mu October 2023 inagwira anthu opitirira 20,000 m'dziko muno n'kupha opitirira 700, bwalo la National Heroes linasanduka chipatala, ndipo sukulu zomwe zimayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024 zinadikira mpaka 12 February. Sindikunena kuti mafiriza ndiwo anabweretsa kolerayo, gwero lake linali madzi ndi zimbudzi. Ndikunena kuti ayisi samapha tizilombo ta kolera ngati madzi ake anali oipa kale, ndipo makomboni omwe amavutika ndi madzi otere safunika njira inanso yodwalira.

Kutsutsa kolemera kwambiri ndi kwa ndalama. Firiza ya ku Kanyama kapena ku Chawama nthawi zambiri inagulidwa ndi ndalama ya chilimba, katundu wa m'katimo mwina ndi wa kaloba, ndipo lendi ndi fizi zikuyembekezera pomwepo. Kuuza mayi wotere kuti ataye nkhuku khumi chifukwa kachipangizo kalira n'kulankhula ngati munthu wosadziwa njala. Koma alamu sinena kuti tayani. Imanena kuti tsekulani muone, nthawi ikadalipo. Nyama yomwe ikadali ndi timibulu ta ayisi m'kati, kapena ikadali yozizira ngati ya mufiriji, itha kuumitsidwanso kapena kuphikidwa. Yomwe yasungunuka koma ikadali yozizira iphikidwe tsiku lomwelo, iwambidwe pamoto, ithiridwe mchere, kapena igulitsidwe motsitsa mtengo kwa wogula wouzidwa kuti aphike lero. Yotayika ndi yomwe yakhala yofunda maola ambiri, ndipo zimafika pamenepo makamaka mwini akapanda kudziwa msanga. Wosamva alamu amataya zambiri kuposa woimva. Pa nthawi yomwe malaiti ndi osadalirika, nzeru ndi kuoda katundu wochepa wotha msanga, kudzaza malo otsala ndi mabotolo a madzi kuti aume n'kusunga kuzizira, kuika nyama pansi m'chidebe chakechake ndi zoyamwa za ana pamwamba, komanso kutulutsa zogulitsa za tsikulo kamodzi n'kuziika m'kulabokosi m'malo motsekula firiza pa kasitomala aliyense.

Nanga omwe mafiriza awo alibe alamu? Ndi ambiri, chifukwa madipifiriza otchipa amangokhala ndi tinyale, ndipo akale ena alibe ngakhale kofiira. Iwowa atha kudzipangira mboni yawo. Umitsani madzi m'kapu, ikani kobiri pamwamba pa ayisiyo, kapuyo muisiye pamwamba pa katundu. Mukapeza kobiri lamira mpaka pansi koma madzi ali oumanso, dziwani kuti firiza inasungunuka n'kuumanso inu musakudziwa. Themometa ya mufiriji imanena bwino koposa, makamaka mukamaiwerenga malaiti akangobwera, kompuresa isanabise umboni.

Ena ati zonsezi n'kusenzetsa wosauka mlandu wa ZESCO. Kuti magetsi akhale okwanira ndi udindo wa boma ndi kampaniyo, ndipo Kafue Gorge Lower, ya mamegawati 750, yomwe inatsegulidwa mu 2023, nayonso imadalira mvula yomweyo. Ngakhale madzi atachepa, pali chimodzi chomwe chili m'manja mwawo: ndandanda yozimitsira magetsi yomwe imatsatidwa. Wogulitsa nkhuku akadziwa kuti malaiti abwera 22 koloko n'kukhala maola asanu, amadziwa kuchuluka kwa katundu woti aode. Akabwera mwakufuna kwawo, ndi kuphethiraphethira, amapsereza makompuresa. Bungwe la Energy Regulation Board liyenera kuyang'ana ubwino wa magetsi ofika ku George ndi ku Mtendere ndi diso lomwelo lomwe limayang'anira mitengo. Koma mayi wa kantemba sangadikire kuti Kariba adzale kuti adziwe ngati soseji yake ili bwino usiku uno.

Ogulitsa mafiriza nawonso ali ndi gawo lomwe akulizemba. Kabuku ka malangizo kamabwera m'Chingerezi chovuta, ndipo kawirikawiri kamatayidwa limodzi ndi katoni. Sitolo yomwe ikulandira ndalama zambiri chotere ingathe kupereka pepala limodzi la m'Chinyanja ndi m'Chibemba lofotokoza tanthauzo la kanyale kalikonse ndi kulira kulikonse, n'kuika themometa ndi firiji gadi pa mtengo womwewo. Bungwe la Competition and Consumer Protection Commission lili ndi mphamvu yokambirana nawo zimenezi. Ndipo oyendera zaumoyo a Lusaka City Council, omwe lamulo la Food Safety Act la 2019 limawapatsa ntchito yoteteza zakudya, akamalowa m'mabutchala a ku Matero ndi ku Kalingalinga asamangofunsa laisensi ndi satifiketi ya kuchipatala. Azitsekula firiza, aike themometa pakati pa katundu, ndipo afunse ngati alamu yake ikugwira ntchito.