Musagulitse mthuthuthu wa madala pa sikelo

Anzanga a kuno ku Machinga ndi ku Balaka, ndi inu abale athu a ku Zomba, ku Blantyre mpaka ku Joni, lero ndilankhuleko za njinga zamoto zakale zija zangogona kuseri kwa nyumba, nkhuku n'kumaikira mazira pansi pake. Anyamata ogula zitsulo zakutha akuzungulira m'midzimu sikelo ili m'manja, ndipo mabanja ena akupereka njinga za makolo awo pa mtengo wa kilo ngati khasu lothyoka. Ine ndikuti ayi. Muyambe mwayesa kuidzutsa.

Ndikunena makamaka za Yamaha AG100, AG200 ndi DT125, zija ankayendera alangizi a zaulimi a Machinga ADD ndi ogwira ntchito m'mabungwe. Amene munakula m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 mukukumbukira kulira kwake, ana tonse kuthamangira kumsewu. AG100 inatuluka mu 1973, ndipo a ku Japan anaipangira alimi oweta nkhosa ndi ng'ombe ku Australia ndi New Zealand. N'chifukwa chake tcheni chake anachitsekera m'kabokosi kuti fumbi ndi matope zisachidye, anaika keliyala kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo magiya ake ndi okoka, osati othamanga. Taganizani za mchenga wa kunsi kwa Ntaja kulowera ku Nayuchi, kapena makande a ku Utale mvula ikagwa. Ngati anachita kuyeza misewu yathu.

Kwanga kuno ndikudzutsa AG100 imene inakhala zaka m'khumbi la fodya. Ntchito ndimaigwira pansi pa mtengo wa mango ndikaweruka kumunda, pang'onopang'ono, ndipo zimene ndikulemba apazi ndazigwira ndi manja angawa.

Musathamangire kuponda kikisitata. Injini yokhalitsa imagwira dzimbiri mkati, ukaikakamiza maring'i amathyoka n'kukanda silinda. Chotsani pulagi, thirani oyilo pang'ono pabowopo, muisiye masiku angapo, kenako muziyesa ndi dzanja. Thanki muichotse, muikemo timanati ndi parafini, muikhutchumule mpaka dzimbiri lituluke. Kabuleta mumasule pa nsalu yoyera, osati pa dothi, chifukwa kasipuling'i kamodzi kakagwa mumchenga mudzakafuna mpaka dzuwa kulowa. Timabowo ta petulo musamatokose ndi waya wokhuthala, mukatikulitsa njinga idzamwa mafuta moyo wake wonse. Ndiye pali nkhani ya oyilo. AG100 ndi DT125 ndi za thuu-sitiroko, zimapsereza oyilo wa 2T limodzi ndi petulo, ndipo zili ndi kathanki kake ndi kapampu kake. Pampu imeneyo ikafa osadziwa, pisitoni imagwira muli pakati pa ulendo. Muyambe mwatsimikiza kuti ikugwira ntchito. Ndipo chonde, oyilo wakuda wokhetsa m'galimoto uja musungire kupaka mitengo ya khola, osati kuthira m'njinga.

Matayala ong'aluka ndi mabuleki akale ndiye musanyengerere. Injini ikazima mumakankha, koma buleki ikakana potsika mapiri a ku Machinga boma kulowera ku Liwonde, nkhani yake timaidziwa tonse.

Ena anena kuti bwanji osangogula Lifo kapena SanLG ngati za anyamata a kabaza. Ali ndi mfundo, sindikana. Masipeya a njinga zimenezi ali paliponse, pa Ulongwe, pa Mangochi Turn-off, pa Nsanama, ndipo makaniko aliyense amazidziwa. Pa petulo nazonso zimadya pang'ono kuposa thuu-sitiroko, ndipo nthawi zimene mafuta amasowa n'kumagona pa mzere pa filing'i siteshoni zimenezi si zocheza. Mnyamata wofuna kuyamba kabaza sindingamuuze kuti atenge AG100 ya agogo ake. Kabaza amayenda kuyambira mbandakucha mpaka usiku, lita iliyonse amaiwerenga.

Koma mlimi si wakabaza. Ine njinga ndimaifuna kawiri kapena katatu pa sabata: kutenga thumba la nandolo kupita nalo kumsika, kukaona mpunga kudimba, kuthamangitsa wodwala usiku ku chipatala cha ku Liwonde pamene foni za akabaza zonse zazimitsidwa. Pa ntchito yotere chofunika n'chitsulo cholimba chimene ukhoza kukonza wekha ndi masipanala anayi. Komanso chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, njinga zatsopano nazo. Yatsopano imafuna ndalama zonse tsiku limodzi. Yakale imalola kuti ugule tcheni ukagulitsa thonje, tayala ukagulitsa mbuzi, zina chaka chamawa. Bola musakhudze ndalama ya feteleza, mayi a kunyumba sangakumvetseni, ndipo akhala akulondola.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ana. Ndikatsegula injini amabwera okha kudzazinga, wina wagwira sipanala, wina akutsuka mabawuti m'parafini. Mwana amene waona ndi maso ake mmene pisitoni imakwerera ndi kutsika sangadzanamizidwe pa galaja.

Musanawononge ngakhale tambala, yang'anani mapepala. Zina mwa njingazi zinachoka ku boma kapena ku mabungwe kudzera m'kugulitsa, ndipo umwini sunasinthidwe mpaka lero. Onani ngati nambala ya injini ndi ya chesisi zikugwirizana ndi zimene zili pa bulu buku, mukafunse ku Road Traffic za kusintha dzina, mudule inshuwalansi, mugule chipewa chenicheni. Ngati eni ake anamwalira, khalani pansi pachibale mugwirizane kuti njingayo ndi ya ndani. Ikakhala yakufa palibe amaifuna, koma tsiku limene idzalire, amalume ndi azakhali onse adzakumbukira kuti nawonso ndi a pabanjapo.

Inu a m'tauni amene mumafunsa kuti tikutumizireni chiyani, ulendo uno jekete isiyeni kaye. Kwanu kuli mashopu a masipeya. Ndijambula nambala ya pisitoni n'kukutumizirani pa WhatsApp, mundipezere maring'i ndi masiilo a injini enieni, osati aja otchipa ofooka pakangotha mwezi.