Galu wa mnzanu akayamba kulamulira nyumba

Lendi yakwera m'matauni mwathu moti achinyamata ambiri apantchito amagwirizana awiri kapena atatu n'kutenga nyumba imodzi. Kaya ndi ku Area 25, ku Chilobwe kapena ku Chibavi, nkhani yake ndi yomweyi. Asanalowe amakambirana za lendi, mayunitsi a magetsi, bilu ya madzi ndiponso za amene azisesa panja. Za galu palibe amene amafunsa. Ndiye tsiku lina mmodzi amangotulukira ndi kamwana ka galu m'katoni, ati kazilondera nyumba.

Pakangotha miyezi itatu, nsapato yanu yopitira kuntchito yatafunidwa, zovala zagwetsedwa pachingwe, ndiwo zomwe munaziphula pambaula zasowa, pakhonde sipakhalika ndi fungo. Usiku akuuwa mpaka tambala kulira. Alendo anu ayamba kuima pageti n'kumachita kukuimbirani foni. Mukadandaula, mwini wake amayankha kuti akadali mwana, adzasiya akakula.

Sadzasiya yekha ayi. Galu amabwereza khalidwe lililonse limene lamupindulira. Akakudumphirani inu n'kumusisita, waphunzira kuti kudumphira anthu n'kwabwino. Akalira pamene mukudya inu n'kumuponyera mbamu ya nsima, mawa adzalira kwambiri. Choncho aliyense wokhala m'nyumbamo ndi mphunzitsi wa galuyo, afune asafune.

Vuto lina ndi maganizo akuti galu wabwino ndi waukali. Ena amamutsekera m'khola dzuwa lonse kuti asazolowere anthu, ena mpaka kumudyetsa tsabola. Chomwe amapeza ndi galu wamantha amene sasiyanitsa mbala ndi mwana wa aneba wodzatola mpira, kapena bambo wodzawerenga mita ya madzi. Mlonda weniweni ndi galu amene amauwa akamva zachilendo, n'kusiya mwini wake akamuuza kuti basi.

M'mera mpoyamba. Akatswiri a ziweto amati nthawi yabwino yozoloweretsa galu anthu, ana, njinga ndi phokoso ndi pamene ali ndi masabata pakati pa 3 ndi 14. Komabe ngakhale galu wamkulu amaphunzira, kungoti zimafuna kudekha. Ndalama sizilowapo zambiri. Mphindi 5 kapena 10, kawiri patsiku, ndi kabonya pang'ono m'thumba, zakwana.

Yambani ndi mawu anayi: khala, bwera, siya, dikira. Pophunzitsa "khala", ikani bonya pafupi ndi mphuno yake n'kukweza dzanja pang'onopang'ono chakumutu. Poyang'ana m'mwamba amakhala pansi yekha. Pomwepo nenani mawuwo n'kumupatsa. Mphotho ikachedwa ndi kamphindi chabe, sadziwanso chimene mwamuyamikira. Ndipo nonse muzigwiritsa ntchito mawu amodzimodzi. Wina akamati "khala", wina "pansi", wina n'kumalankhula Chingerezi, musadabwe galu akamangokuyang'anani.

Ndodo siphunzitsa. Galu amene wathawa, inu n'kumuitana, iye n'kubwera, kenako n'kumukwapula, waphunzira chinthu chimodzi chokha: kubwera akaitanidwa n'koopsa. Chimodzimodzi kumukhuthiza mphuno pamene wadziyipitsira maola awiri apitawo, sangalumikize chilangocho ndi mlandu wake. Mutulutseni akangodzuka komanso akangomaliza kudya, mupite naye malo amodzimodzi, ndipo akachita pamenepo muyamikireni. Za kutafuna nsapato, mwana wa galu amasintha mano mpaka miyezi 6 kapena 7, ndiye mupezereni chingwe chokhuthala choti azitafuna, nsapato zizikhala m'chipinda. Muziyendanso naye pa chingwe tsiku lililonse, chifukwa galu wotopa amagona.

Wina anganene kuti nsapato n'zazing'ono. Chachikulu ndi chiwewe. Bungwe la World Health Organization limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo mu Africa muno ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amaitenga kwa galu. Anthu anayi mwa khumi alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba kuonekera, munthu sachira. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu kwaulere kuyambira 2015, ndipo ku Lilongwe kuli a LSPCA. Koma galu wosagwirika, amene sanavalepo chingwe m'khosi, mudzafika naye bwanji pamzere wa katemera? Apa mpamene kuphunzitsa galu kumakhudza moyo wa anthu. Ndipo wina akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga inu amene galuyo si wanu mutani? Kusunga mkwiyo kumangothera pa kumenya galu mwini wake akachokapo, zomwe zimawonjezera vuto. Khalani pansi ndi mnzanuyo pa tsiku limene galu sanalakwe kanthu. Muuzeni mwaulemu: "Achimwene, galuyu ndi wanu, koma nyumbayi tikulipira tonse, tiyeni tigwirizane." Mugwirizane komwe azigona, zipinda zomwe sayenera kulowa, amene azichotsa zonyansa, amene azilipira zikawonongeka zinthu, ndi tsiku la katemera. Pemphani kuona khadi lake la katemera. Funsaninso ngati alandilodi akudziwa, poti galu akaluma mwana wa pafupi, notisi yotuluka m'nyumba idzakhudza nonse. Paja nkhuyu zodya mwana zimapota akulu.

Inunso lonjezani mbali yanu: kusamuponyera chakudya patebulo, kutseka geti, ndi kugwiritsa ntchito mawu omwe mwagwirizana. Ikani nthawi, monga mwezi umodzi, kuti mudzaunikenso.

Kwa inu eni agalu, kukhala ndi galu sikuthera pa kumupatsa mkute. Ngati simungapeze mphindi 20 patsiku zomuphunzitsa, mupezereni munthu amene angathe. Anzanu anavomera kugawana nanu lendi, ndipo ali ndi ufulu wogona tulo ndi kulandira alendo awo mopanda mantha.